Mpingo m'Masiku a Hitler, 1933–1939

Pa 30 Januwale 1933, pamene Adolf Hitler adalandira udindo wa Nduna Yaikulu ya dziko la Germany, m'chigwa cha Honde ndi m'dera la Mandeya munali musanabzalidwe minda ikuluikulu ya tiyi, pakuti imeneyi idadza m'zaka za m'ma 1950. Ku Chipinge, tiyi woyamba wa pa New Year's Gift, wobzalidwa m'chaka cha 1924, anali asanathe zaka khumi. Koma amuna a ku Nyasaland, makolo ndi agogo a ambiri amene pambuyo pake adathyola tiyi m'minda imeneyi, anali atachuluka kale m'migodi, m'mafamu ndi m'makomboni a Southern Rhodesia. Komiti ya Lacey ya 1935 idaŵerengera kuti anthu a ku Nyasaland okwanira 120,000 anali pa ntchito kunja kwa dziko lakwawo. Ndipo kuyambira 1912, pamene Mbusa T.C.B. Vlok adafika ku Salisbury kudzaŵeta obalalikawo, iwo anali ndi Mpingo wopemphera m'chinenero chawo.

Nkhani ya Germany ikuyenera malo m'buku la chikumbutso cha Sinodi pa zifukwa ziŵiri. Choyamba nchakuti dera limene munali dziko la makolo aja lidatchulidwa pa zokambirana za Angerezi ndi Hitler, eni ake osadziŵa. Chachiŵiri nchakuti m'zaka zimenezo masinodi a ku Germany adayesedwa monga chitsulo m'ng'anjo, ndipo zimene adanena, pamodzi ndi zimene adaleka kunena, nzothandiza nthumwi za Sinodi ina iliyonse.

Mmene Hitler adakwerera

Ajeremani sanali achilendo kwa anthu a ku Nyasaland. Malire a kumpoto anali kugundana ndi dziko lawo la German East Africa, ndipo pa 9 Sepitembala 1914 magazi adakhetsedwa pa Karonga. Amuna pafupifupi 200,000 adasenza katundu wa nkhondo imeneyo monga amtengatenga, ndipo ambiri sadabwerere. Nkhondo itatha, pangano la ku Versailles la 1919 lidalanda Germany maiko ake onse a mu Africa, nilimsenzetsa ngongole yolemera. Mu 1923 ndalama za dzikolo zidatha mphamvu, kotero kuti malipiro olandira m'maŵa ankasanduka mapepala achabe podzafika madzulo. M'chaka chomwecho Hitler adayesa kulanda boma ku Munich, koma adalephera naponyedwa m'ndende.

Pa chisankho cha 1928 chipani chake cha Nazi chidangopeza mipando 12 m'Nyumba ya Malamulo. Koma chuma cha maiko chitagwa mu 1929, anthu osoŵa ntchito m'Germany adafika 6 miliyoni, ndipo anjala adayamba kumvera munthu wolonjeza ntchito ndi ulemu wa dziko. Mu 1930 mipando ija idafika 107, ndipo mu Julayi 1932 idafika 230 mwa mipando 608. Hitler adauza anthu kuti tsoka lawo lili ndi mwini wake, naloza Ayuda, amene anali pafupifupi 500,000 okha, osakwana ngakhale mmodzi mwa anthu 100 alionse.

Nkofunika kuzindikira kuti iye sadaloŵe m'boma ndi mfuti. Adaikidwa ndi Pulezidenti Paul von Hindenburg, pa uphungu wa andale amene ankayesa kuti adzatha kumuŵeta. Zotsatira zake zidadza mofulumira, ndipo chilichonse chidadza chitavala malaya a lamulo. Nyumba ya Malamulo itapsa pa 27 Febuluwale 1933, m'maŵa mwake ufulu wolankhula ndi wosonkhana udaimitsidwa. Pa 22 Malichi ndende ya chibalo ya Dachau idalandira akaidi oyamba. Pa 23 Malichi aphungu 444 adavomera kuti boma lizipanga malamulo palokha, ndipo okana anali 94 okha. Pa 1 Epulo anyamata a chipani adaima pa makomo a masitolo a Ayuda kuletsa ogula. Pa 7 Epulo lamulo lidachotsa pa ntchito za boma anthu a fuko la Chiyuda. Podzafika 14 Julayi chipani chololedwa chinali chimodzi chokha, ndipo tsiku lomwelo padatuluka lamulo lotseka olumala ndi odwala misala kuti asabereke. A Mboni za Yehova, okana kukweza dzanja kwa Hitler, adaletsedwa m'chaka chomwecho.

Mu Sepitembala 1935 malamulo a ku Nuremberg adachotsa Ayuda m'kaundula wa nzika zenizeni, naletsa ukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena. Myuda ankadziŵika poŵerenga agogo ake, ngakhale iye mwini atabatizidwa. Patangopita miyezi iŵiri chiletso cha ukwati chidafikiranso Aroma ndi anthu akuda. Mu 1937 ana mazana angapo a m'dera la Rhineland, obadwa kwa amayi Achijeremani ndi asilikali a ku France ochokera m'maiko a atsamunda, adagwidwa mwakachetechete natsekedwa kuti asadzabereke.

Masinodi atatu

Mwa anthu atatu alionse a m'Germany, pafupifupi aŵiri anali a mipingo ya Chiprotestanti, imene inali 28, uliwonse ndi Sinodi yake. Abusa ambiri adakondwera ndi boma latsopano. Ankaopa Chikomyunizimu, ankadandaula kuti matchalitchi akuchepa anthu, ndipo ankalakalaka mtsogoleri wamphamvu. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Pa chisankho cha mumpingo cha pa 23 Julayi 1933, gulu lodzitcha Akhristu Achijeremani, lothandizidwa ndi Hitler mwini pa wailesi, lidatenga magawo aŵiri mwa atatu a mipando.

Sinodi yoyamba yoyenera kukumbukira idakhala ku Berlin pa 5 Sepitembala 1933. Inali ya Mpingo wa ku Prussia, waukulu mwa yonse, ndipo nthumwi zambiri zidaloŵa zitavala malaya ofiirira a chipani. Sinodi imeneyi idakopera lamulo la boma nililoŵetsa m'malongosoledwe a Mpingo: munthu wa magazi Achiyuda, kapena wokwatira wotero, asakhale mbusa. Abusa okhudzidwa anali oŵerengeka, koma funso linali lalikulu: kodi chimene chimaloŵetsa munthu mu Mpingo wa Khristu ndi ubatizo kapena magazi? Pa 27 Sepitembala Ludwig Müller adasankhidwa ku Wittenberg kukhala Bishopu wa dziko lonse. Pa 13 Novembala, pamaso pa anthu ngati 20,000 mu Berlin, Reinhold Krause adafuula kuti Chipangano Chakale chichotsedwe chifukwa ndi cha Ayuda.

Apa ena maso adatseguka. Mbusa Martin Niemöller wa ku Dahlem, amene adalamulirapo sitima yankhondo ya pansi pa madzi, amenenso adavoterapo chipani cha Nazi, adaitana abusa anzake kuti alonjeze kumvera Malembo okha ndi zivomerezo za Mpingo. Podzafika Januwale 1934 abusa pafupifupi 7,000 mwa 18,000 anali atalembetsa.

Sinodi yachiŵiri idasonkhana ku Barmen kuyambira pa 29 mpaka 31 Meyi 1934. Nthumwi 139, za Chilutera, za Chireformed ndi za mipingo yogwirizana, zidavomereza mfundo zisanu ndi imodzi zimene mlembi wake wamkulu anali Karl Barth. Mtima wa mfundozo ndi uwu: Mpingo uli ndi Mbuye mmodzi ndi Mawu amodzi oyenera kuŵamvera, palibe mbali ya moyo imene ili ya mbuye wina, boma lili ndi ntchito yake yosunga chilungamo ndi mtendere, koma silingameze moyo wonse wa munthu, ndipo Mpingo sungasanduke nthambi ya boma. Apa ndi pamene padabadwira Mpingo Wovomereza. Mtengo wake udalipiridwa. Barth adachotsedwa pa sukulu ya ku Bonn mu 1935 atakana kulumbira kwa Hitler popanda malire. Niemöller adamangidwa pa 1 Julayi 1937 nakhala m'ndende kufikira 1945. Sukulu ya ubusa ya ku Finkenwalde, imene Dietrich Bonhoeffer ankatsogolera, idatsekedwa mu 1937. Mbusa Paul Schneider adaphedwa ku Buchenwald pa 18 Julayi 1939.

Koma m'mfundo zonse za ku Barmen mulibe liwu lonena za Ayuda. Sinodi idateteza guwa, ubatizo ndi udindo wa mbusa, koma ya mnansi wolandidwa ntchito ndi sitolo sidaitchule. Barth mwini adavomera mu 1967, atakalamba, kuti pamenepa adalakwa.

Sinodi yachitatu idakhala ku Steglitz, mu Berlin, kumapeto kwa Sepitembala 1935, patangopita masiku oŵerengeka malamulo a ku Nuremberg atalengezedwa. Mayi wina mphunzitsi, Elisabeth Schmitz, anali atalemba chikalata chachitali cholongosola mmene Ayuda akusaukira: ana onyozedwa m'sukulu, madokotala ochotsedwa ntchito, anthu odzipha chifukwa chotaya mtima. Adapempha kuti Mpingo ulankhulire Ayuda onse, obatizidwa ndi osabatizidwa omwe. Sinodi sidakambirane chikalatacho. Idangotsimikiza kuti Myuda wofuna ubatizo asakanizidwe, ndipo nkhani yaikulu ija idasiyidwa, poopa kuti ingagaŵe nthumwi ndi kukwiyitsa boma. Mu 1936 atsogoleri ena a Mpingo Wovomereza adatumiza kalata kwa Hitler yodzudzula chidani cha pa Ayuda ndi ndende za chibalo. Kalatayo itaululika m'nyuzipepala za kunja, amene adafera nkhaniyi anali Friedrich Weissler, mkulu wa ofesi yawo, Mkhristu wobadwa m'banja la Chiyuda, amene adaphedwa ku Sachsenhausen mu Febuluwale 1937.

Malire a pa Zambezi

Pamene izi zinkachitika m'Germany, mawu ofuna kuti maiko a mu Africa abwezedwe anali kukula. Tanganyika akadabwezedwa, mbendera ya Hitler ikadakwezedwa kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndi m'mbali mwa nyanja ya Nyasa. Neville Chamberlain, Nduna Yaikulu ya Britain, adaganiza kuti mtendere wa ku Ulaya ungagulidwe ndi nthaka ya mu Africa. Pa 3 Malichi 1938 kazembe wake, Nevile Henderson, adapita kwa Hitler ndi ganizo lakuti dera lalikulu la pakati pa Africa, lolekezera pa mtsinje wa Zambezi kumwera, liikidwe pansi pa malamulo atsopano ogwirizana, ndipo kuti Germany apatsidwemo gawo lake lolamulira. Nyasaland ndi Northern Rhodesia anali kumpoto kwa Zambezi, m'kati mwa dera lotchulidwalo. Palibe mfumu, mbusa kapena mphunzitsi wa maiko ameneŵa amene adafunsidwa. Ganizoli lidafa chifukwa Hitler maso ake anali kwina: adayankha kuti za Africa zikhoza kudikira zaka, ndipo pa 12 Malichi asilikali ake adaloŵa mu Austria.

M'chaka chomwecho cha 1938 anthu a ku Nyasaland adafunsidwa funso lina. Bungwe la Bledisloe lidayendera maiko atatu kufufuza ngati Nyasaland ndi ma Rhodesia aŵiri angaphatikizidwe. Mafumu, aphunzitsi ndi mabungwe a eni dziko adakana, ndipo umboni wawo udachokera kwa amuna obwerako ku Salisbury ndi ku migodi. Iwo anali ataona lamulo la 1930 logaŵa nthaka potsata khungu, la 1934 lotsekera anthu akuda kunja kwa mapangano a ntchito, ndi la 1936 lokhwimitsa chitupa m'matauni. Malamulo ameneŵa sangalinganizidwe ndi chiwonongeko chimene chidadza m'Germany. Komabe munthu woyenda ndi chitupa m'thumba sankasoŵa womuphunzitsa tanthauzo la lamulo loyeza munthu ndi mtundu wake.

Makomo otsekedwa

Ayuda ofuna kuthaŵa adapeza makomo ambiri otseka. Mu Okutobala 1936 sitima yotchedwa Stuttgart idafika ku Cape Town ndi othaŵa oposa 500, ndipo idalandiridwa ndi misonkhano yokana. Mwa aphunzitsi a ku Stellenbosch amene adatsutsa kubwera kwawo munali H.F. Verwoerd, ndipo D.F. Malan, amene adakhalapo mbusa wa Dutch Reformed Church, adalimbikira kuti khomo litsekedwe. Lamulo la alendo la 1937 lidatsekadi khomolo. Izi nzoŵaŵa kuzilemba, pakuti Mpingo womwewo ndiwo udatumiza amishoni ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, anthu amene ntchito yawo siiŵalika. Koma buku la chikumbutso limene lingasunge zokoma zokha lasiya kukhala mbiri. Mu Julayi 1938 maiko 32 adakumana ku Evian, nanena mawu achisoni, koma pafupifupi onse adakana kuonjezera chiŵerengero cha olandiridwa.

Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge mazanamazana adatenthedwa m'Germany ndi mu Austria, masitolo zikwizikwi adaphwanyidwa, ndipo amuna Achiyuda pafupifupi 30,000 adatengedwa kunka ku ndende za chibalo. Boma lidaŵerenga akufa 91, ngakhale anali oposa pamenepo, ndipo lidalipiritsa Ayuda omwewo chindapusa. Bishopu Martin Sasse wa ku Thuringia adasindikiza kabuku kokondwera kuti masunagoge apsa pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Martin Luther. Palibe Sinodi imene idatulutsa mawu otsutsa. Amene adalankhula anali anthu paokhapaokha. Mbusa Julius von Jan wa m'mudzi wa Oberlenningen adadzudzula tchimolo pa guwa pa 16 Novembala, ndipo adamenyedwa ndi khamu naikidwa m'ndende. Bambo Bernhard Lichtenberg, wansembe wa Chikatolika mu Berlin, adayamba kupempherera Ayuda poyera madzulo alionse. Elisabeth Schmitz adasiya ntchito ya uphunzitsi, nati sangatumikirenso boma lotentha nyumba zopemphereramo.

Dzina la Nyasaland lidamvekanso m'Nyumba ya Malamulo ya ku London pa 21 Novembala 1938, pamene Chamberlain adatchula maiko a atsamunda kumene othaŵa oŵerengeka akadatha kukhazikitsidwa. Zolinga zimenezi sizidabale zipatso zenizeni. Mabanja mazana ochepa okha ndiwo adafika m'ma Rhodesia aŵiri mwa khama lawo. Pa 1 Sepitembala 1939 Germany adathira nkhondo Poland, ndipo makomo otsala adatsekeka. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 30,000 adaloŵa usilikali pa nkhondo imeneyo. Podzafika 1945 Ayuda 6 miliyoni anali ataphedwa, ndipo Bonhoeffer adapachikidwa ku Flossenbürg pa 9 Epulo chaka chomwecho.

Zotsala m'maminitsi

Mu Okutobala 1945 atsogoleri a mipingo adaulula kulakwa kwawo ku Stuttgart, koma ngakhale apo dzina la Ayuda silidatchulidwe. Padapita zaka zina zisanu kufikira Sinodi ya ku Weissensee, mu 1950, idavomera poyera kuti mwa kukhala chete Mpingo udagaŵana nawo mlandu wa zimene zidachitikira Ayuda. Mawu amene akadathandiza amoyo mu 1935 adanenedwa pa manda.

Mbewu ya ku Barmen sidafe. Chivomerezo cha ku Belhar, cholembedwa mu 1982 ndi kulandiridwa mu 1986 ndi Dutch Reformed Mission Church ku South Africa, chidatsata mapazi ake, koma chidaonjeza chimene Barmen adasiya: kuti Mpingo uyenera kuima pamene pali wolakwiridwa. Ndipo mayeso amtundu umenewu sadalambalale maiko a kuno. Mu 1967 a Mboni za Yehova adaletsedwa m'Malaŵi chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zidathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique, mipingo ikuluikulu osalankhula poyera. Mu 2001 lamulo la unzika m'Zimbabwe lidasandutsa alendo anthu ambiri obadwira m'mafamu ndi m'minda ya tiyi, chifukwa makolo awo adachokera ku Malaŵi, ku Mozambique kapena ku Zambia, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 adaŵabwezera unzika wawo. Zimenezi sizifanana kukula ndi za ku Germany, ndipo kuzilinganiza kungakhale kunama. Koma ana a matchona adalaŵa okha mmene zimakhalira pamene pepala la boma liŵerenga makolo a munthu nkumuuza kuti kwawo si kuno. Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe.

Nthumwi za ku Barmen ndi ku Steglitz sizinali anthu oipa kapena amantha kuposa ena. Ambiri mwa iwo adalandidwa malipiro, adaletsedwa kulalikira, ena adagona m'ndende. Adalimba mtima pamene dzanja la boma lidakhudza guwa, koma pamene lidakhudza mnansi wa chipembedzo china adati nthaŵi yake sinakwane, ndipo adaopa kugaŵa Mpingo. Mlembi wa Sinodi amalemba zimene zavomerezedwa, nazisunga m'buku la maminitsi. Zimene bwalo lidazengereza kukamba sizilembedwa, koma mibadwo yam'tsogolo imaziŵerengabe. Nchifukwa chake nthumwi iliyonse, yochokera m'tauni kapena m'makomboni a ku Honde ndi ku Chipinge, ikalandira ndandanda wa zokambirana, ichita bwino kuuŵerenga kaŵiri: koyamba kuona zimene zalembedwamo, kachiŵiri kufunsa za munthu wosautsidwa amene mlandu wake sudalembedwemo.